Funsani Amalume: Bolopeni ya mwala wakumwamba, ndigule?

Amalume,

Ndine namwino, ndimagwira ntchito ku Leeds, ku England. Bambo anga akupuma pantchito pakatha miyezi inayi, atakhala mphunzitsi wamkulu wa pulayimale kwa zaka zambiri kwathu ku Dedza. Ndi munthu wokonda zolembera, m'thumba la shati yawo simusowa ziwiri, yofiira ndi yabuluu. Tsono ndaona pa Kickstarter, tsamba la pa intaneti losonkhetsera ndalama, anthu ena akusonkhetsa ndalama zoti apange mabolopeni okhala ndi kachidutswa ka mwala wogwa kuchokera kumwamba. Akuti mwalawo ndi wakale kuposa china chilichonse pansi pano, adzapanga 500 okha, ndipo palibe amene anapangapo zotere. Imodzi ndi madola 120, ndalama yotumizira ndi yapadera. Mnzanga wa kuntchito akuti ndigule ziwiri chifukwa zidzakwera mtengo m'tsogolo muno. Kodi mwalawo ndi weniweni? Nanga ndalama yonseyi ikuyenera?

*Mwana wa aphunzitsi, Leeds*

Mwana wanga,

Choyamba mukandiperekere moni kwa bambo anuwo. Inenso ndinadya fumbi la choko zaka zambiri ndikuphunzitsa sayansi kusekondale, ndiye ndikudziwa kuti munthu amene wachonga makope mpaka imvi kuti mbuu sayenera kutsanzikidwa ndi makapu a tiyi okha, monga amakondera makomiti a sukulu. Maganizo anu ndi abwino. Koma tiyeni tione chimene madola 120 amenewo akugula, poti kwathu kuno ndi ndalama yoposa K200,000 pamtengo wa kubanki, osanena za wa pamsewu.

Mwina mudabwa, koma mwalawo ndi umene sindikuukayikira kwenikweni. Sikuti anthuwo ndimawakhulupirira, sindiwadziwa n'komwe. Kungoti mwala wamtunduwu ndi wotchipa moti kunama sikungawapindulire kanthu. Kumpoto kwa Argentina kuli dera lotchedwa Campo del Cielo, kutanthauza munda wa kumwamba, komwe kunagwa chitsulo zaka zoposa 4,000 zapitazo. Eni dera ankachidziwa kuyambira kale, ndipo anthu a ku Spain anachilemba m'mabuku awo mu 1576. Chimene chafukulidwa kumeneko chimaposa matani 100. Ku Sikhote-Alin, kum'mawa kwa Russia, chinagwa china pa 12 Febuluwale 1947 anthu akuona ndi maso, ndipo anatolako matani oposa 20. Ku Gibeon ku Namibia nakonso kunapezeka matani oposa 20. Zidutswa zake amagulitsa pa sikelo ngati nyemba, ndipo ting'onoting'ono ta Campo del Cielo timapita pa dola imodzi kapena madola awiri atatu pa galamu. Ndiye kachidutswa kolowa pamutu pa bolopeni kangalemere bwanji? Ngati n'kofanana ndi njere ya mpunga, sikakwana ndi theka lomwe la galamu. Kapu ya tiyi imene mumagula kuchipatala kwanuko ndi yodula kuposa mwalawo.

Ndili nako kamodzi patebulo pomwe ndikulembera pano. Anandipatsa mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa Fomu 3, atabwerako kumaphunziro kunja. Kukula kwake ndi ngati nzama, n'kakuda motuwira, kamakona ngati phale la mphika wachitsulo, koma ukakaika pachikhatho umadabwa kulemera kwake: magalamu 7. Maginito amene ndinachotsa mu sipika ya wailesi yakale amakagwira mpaka kuvuta kukamatula. Chaka choyamba ndinakasiya pawindo dzinja lonse. Pofika Malichi kanali katayamba kutuluka timadontho tofiira, dzimbiri limenelo, ndipo kanadetsa nsalu ya patebulo imene amayi a kunyumba kuno sanayiiwalebe mpaka lero. Pano ndimakapaka mafuta a makina osokera n'kukatsekera m'kabotolo pamodzi ndi timapaketi toyera tija timapezeka m'bokosi la nsapato zatsopano. Komabe masiku ena usiku ndimakatulutsa n'kumangokayang'ana. Chitsulo chimenechi chili ndi zaka pafupifupi 4.5 biliyoni. N'chakale kuposa mwala uliwonse wa paphiri la Dedza kapena la Mulanje, kuposa thanthwe lililonse limene anthu analipezapo padziko pano. Apa otsatsa malondawo sakunama ayi. Pomwe akukunyengererani ndi pokuchititsani kuganiza kuti chinthu chakale chotere chiyenera kukhalanso chosowa.

Tsono muonetsetse kuti mwalawo auika bwanji m'bolopenimo, chifukwa njira zake zimasiyana kutali. Ambiri amatenga fumbi lotsala podula miyala ikuluikulu, n'kulisakaniza ndi utomoni woonekera uja amautcha resin, n'kuumba thunthu la bolopeni. Limanyezimira bwino pachithunzi. Koma fumbi la chitsulo ndi fumbi la chitsulo basi. Inu kapena ine sitingalisiyanitse ndi limene limagwa pansi kwa owotcherera mageti ku Biwi kapena ku Ndirande, ndipo satifiketi imene amatumiza nayo amasindikiza ndi wogulitsa yemweyo. Ena amamatira kachidutswa kathunthu pachivindikiro, ndipo apo bola, kamaoneka. Koma chimene ine ndingachilipirire ndi pamene adula kagawo kopyapyala ka chitsulo cha Gibeon, kapena cha Muonionalusta chimene chinapezeka kumpoto kwa Sweden mu 1906, n'kukapukuta ndi asidi. Pamatuluka mizere yopingasana ngati maluko a lichero. Mizereyi imadziwika ndi dzina la Widmanstätten, munthu wa ku Vienna amene anaiona mu 1808. Imabwera chifukwa chitsulocho n'chosakanikirana ndi nickel, mtundu wina wa chitsulo, ndipo chinazizira m'kati mwa chinthu chachikulu cha mlengalenga pang'onopang'ono zedi: pa zaka 1,000 zathunthu kutentha kunkatsika ndi madigiri owerengeka, nthawi zina osakwana ndi imodzi yomwe. Palibe ng'anjo pansi pano imene ingadikire chotero. Achinyengo amatha kujambula mizere yofanana nayo pachitsulo wamba, koma amagwidwa chifukwa maluko awo amatuluka ofanana pa bolopeni iliyonse, pomwe enieni sabwerezana.

Afunseni dzina la mwalawo ndi kulemera kwake m'magalamu. Mwala uliwonse wovomerezeka uli ndi dzina m'kaundula wa bungwe la Meteoritical Society, ndipo kawirikawiri limakhala la malo amene unagwa kapena kupezeka. Ifenso tilimo: muli Zomba, umene unagwa mu Januwale 1899, ndi Machinga, wolemera makilogalamu 93, umene unagwa mu Januwale 1981. Wogulitsa akamangoti "mwala weniweni wa mlengalenga" osatchula dzina, ndiye ngati wogulitsa mbuzi wosadziwa mudzi umene yachokera. Akati ndi Gibeon kapena Campo del Cielo, mufunsenso kuti unatuluka liti, chifukwa Namibia imaletsa kutulutsa miyalayi popanda chilolezo, ndipo Argentina inakhazikitsa lamulo loiteteza mu 2007. Yambiri imene ili pamsika amati inatuluka kale. Wamalonda wachilungamo sakwiya ndi funso limeneli.

Zoti palibe amene anapangapo zotere, zimenezo sekani. M'manda a mfumu Tutankhamun ya ku Egypt, imene inamwalira zaka zoposa 3,300 zapitazo, munapezeka mpeni umene akatswiri anaupima mu 2016 n'kutsimikiza kuti ndi wa chitsulo chogwa kumwamba. Anthu a mtundu wa Nama ku Namibia ankasula mikondo ndi chitsulo cha Gibeon azungu asanachidziwe. Kampani ya Rolex yakhala ikugulitsa mawotchi a nkhope ya mwalawu kwa zaka zambiri, mphete za ukwati zilipo zosawerengeka, ndipo mabolopeni otere ali mbwee pa intaneti. Nthawi zambiri wopangayo amangogula zitsulo zonse za bolopeni zopangapanga kufakitale, kansonga, kopanira m'thumba, kasipuling'i, iye n'kusema thunthu lokha. Sindikunyoza ntchitoyo. Amisiri athu a ziboliboli amachita chimodzimodzi: amasema phingo, n'kulowetsamo kachubu ka inki ka bolopeni wamba. Kusiyana kwake n'koti iwo sanena kuti atulukira chinthu chatsopano. Ndipo nambala ya 500 ija anaisankha ndi wopanga yekha. Chaka chamawa akhoza kusintha mtundu wa chivindikiro n'kutulutsanso 500 ena.

Mnzanu wa kuntchitoyo musamumvere. Ndikudziwa komwe maganizo akewo achokera. Mu Julaye 2025 kampani ya Sotheby's ku New York inagulitsa mwala wochokera ku Mars, wolemera pafupifupi makilogalamu 25, umene unapezeka ku Niger, pamtengo wa madola 5.3 miliyoni. Nkhani zotere zikamveka aliyense amayesa kuti mwala uliwonse wakumwamba ndi chuma. Koma wa ku Mars ndi wa ku mwezi ndi ochepa, ndipo achitsulo aja alipo matani. Komanso osonkhanitsa miyalayi amafuna chidutswa chimene angachiike pa sikelo, achitembenuze, aone mbali zonse. Chikamatidwa mu resin kwa iwo chatha ntchito. Osonkhanitsa zolembera nawo amafuna dzina lodziwika ngati Montblanc kapena Pelikan, osati la munthu amene anapanga kamodzi n'kusiya. Bolopeni yanuyo idzakhala mleme: kwa mbalame sailandira, kwa mbewa sailandira. Tsiku limene mudzafune kuigulitsa mudzapeza kuti wogula wake munali inu nomwe.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi miyezi inayi mwatchulayo. Kickstarter inayamba mu 2009, ndipo eni ake amanena okha kuti si sitolo. Wopanga amaika mlingo wa ndalama ndi tsiku lotsekera. Zikapanda kukwana, khadi lanu salikhudza. Zikakwana, amadula ndalama tsiku lotsekeralo likafika, kampaniyo n'kutengapo 5 pa 100 iliyonse, ndipo kuyambira pamenepo muli m'manja mwa wopangayo. Katunduyo nthawi imeneyo kulibe, kuli chithunzi ndi lonjezo. Zili ngati chipereganyu, koma m'chipereganyu mumadziwa pakhomo pa mnzanu, akazemba mumakagogoda. Uyu simudziwa ngakhale msewu wake. Kafukufuku amene anachita Ethan Mollick wa pa University of Pennsylvania mu 2015 anapeza kuti pafupifupi ntchito 9 pa 100 zilizonse zimene zinalandira ndalama sizinapereke zomwe zinalonjeza. Ambiri amapereka ndithu, koma kuchedwa ndiye nkhani ya tsiku ndi tsiku. Mwana wanga wa ku Johannesburg anandisonkherapo nyale ya sola mwa njira yomweyi. Anati miyezi itatu. Inafika patatha chaka ndi miyezi iwiri, nditagula kale ina kumsika, ndipo anamuuza awonjezere ndalama yotumizira imene poyamba sanaitchule. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Mwambo wotsanzikana ndi bambo anu uli ndi tsiku, ndipo simungaime pamaso pa makolo ndi ana asukulu n'kuwaonetsa chithunzi cha pafoni.

Pali chinanso chimene otsatsawa sakonda kukamba: kodi imalemba bwanji? Bambo anu ndi munthu wolemba, sadzaiika m'kabati. Inki ikatha adzafuna kachubu kena. Funsani ngati imalandira kachubu ka mtundu wa Parker G2, kamene makampani ambiri amapanga, ndipo musasokoneze ndi Pilot G2, dzina n'lofanana koma sizilowana. Ngati kachubu kake amagulitsa wopangayo yekha, ndiye kuti bolopeniyo idzafa tsiku limene inki yoyamba idzathe. Funsaninso ngati chitsulocho anachikuta. Thukuta la m'manja ndi chinyontho cha ku Dedza zikakumana ndi Muonionalusta wosakuta, thumba la shati yoyera lidzafanana ndi nsalu ya patebulo ya kwathu kuno. Ndipo pali anthu ena amene khungu lawo limayabwa likakhudzana ndi nickel, inu anamwino mukudziwa bwino zimenezo kuposa ine.

Ndikanakhala ine, ndikanalowa m'sitolo ya zolembera ku Leeds komweko, ndigwire ndi manja bolopeni yabwino, ndiilembetse dzina la bambo ndi zaka zimene agwira ntchito, ndigulenso timachubu khumi, tofiira ndi tabuluu. Kenako ndikanagula padera kagawo ka mwala kokhala ndi dzina ndi kulemera kwake, kwa wamalonda amene ali membala wa International Meteorite Collectors Association, bungwe la osonkhanitsa miyalayi. Kagawo ka magalamu ochepa koonetsa maluko aja sikafuna ndalama yambiri, ndipo zonse pamodzi mwina sizingafike pa madola 120. Ubwino wake, mphunzitsi sapuma kwenikweni. Mwala woti angauchotse m'kabokosi, aupatse mdzukulu augwire, auyese ndi maginito, adzauphunzitsira mudzi wonse. Koma ngati mtima wanu wakakamira pa bolopeni ija chifukwa ndi yokongola, palibe tchimo. Onani kaye ngati wopangayo anaperekapo katundu wina m'mbuyomu, gulani imodzi yokha, ndipo mukonzeretu mphatso ina ya patsikulo.

Amalume,

Polima m'munda mwanga ndinafukula mwala wakuda wolemera kwambiri, waukulu ngati papaya. Uli ndi timabowo tambiri ndipo maginito amaugwira. Mnyamata wina wa patauni akuti ndi wogwa kumwamba, azungu amapangira zolembera ndi mphete, ndipo akufuna ndimupatse K50,000 kuti akaupimitse ndi kundipezera wogula. Ndimupatse?

*Mlimi, Kasungu*

Achimwene,

Musamupatse ngakhale K500. Timabowo mwatchulato ndi timene tandiuza zambiri. Mwala wogwa kumwamba sukhala ndi timabowo ngati chisa cha njuchi. Umakhala wothinana, ndipo ngati wagwa chaposachedwa umakhala ndi kachikopa kakuda kopyapyala kunja kokha, kamene kanapsa podutsa mumpweya, nthawi zina ndi timaenje tosalala ngati munthu wadinda chala pa dongo lonyowa. Chimene mwapezacho n'kutheka kwambiri kuti ndi zotsalira za m'ng'anjo. Makolo athu ankasungunula chitsulo kwa zaka mazanamazana, ndipo dera lanu la Kasungu ndi limodzi mwa malo amene ng'anjo zakale zikuonekabe. Zotsalira zake zimakhala zakuda, zolemera, zamabowo chifukwa cha mpweya umene unkatuluka zili zamadzimadzi, ndipo zina maginito amazigwira. Mukayang'ana bwino pamalo pomwepo mwina mupezanso zidutswa za timapaipi tadongo timene ankapemererera moto.

Maginito paokha si umboni. Miyala yathu yambiri ili ndi chitsulo. Tengani kapu ya dongo ya tiyi, muitembenuze, ndipo pamphepete pa tsinde pake, pokhakhala paja, mukhulepo mwala wanu mwamphamvu. Ukasiya mzere wakuda bii, ndi mwala wa chitsulo wa pansi pano wotchedwa magnetite. Ukasiya wofiirira, ndi hematite. Wakumwamba susiya mzere weniweni, mwina kotuwa pang'ono chabe. Mukhozanso kupala pakona imodzi ndi tupa: wakumwamba umaonetsa chitsulo chowala ngati cha mpeni, kapena timadontho ta chitsulo tonyezimira m'kati mwa mwala wotuwa.

Ngati mwayesa zonsezi mtima sukukhazikikabe, oyenera kuuona ndi a dipatimenti ya boma yoona za miyala, Geological Survey, imene likulu lake lili ku Zomba. Jambulani malo amene munaupeza, ndipo musauswe kapena kuutsuka ndi mankhwala. Zimachitika ndithu, sindikukana. Kungowoloka malire a Songwe, ku Mbozi m'dziko la Tanzania, kuli chitsulo cha matani pafupifupi 16 chimene eni dera amachitcha Kimondo, ndipo cha Hoba ku Namibia, cha matani 60, anachipeza ndi mlimi ngati inu nomwe mu 1920. Koma pa miyala yonse imene ana asukulu anandibweretsera ndili mphunzitsi, ndipo inali yambiri, panalibe ndi umodzi womwe wakumwamba. Wogula weniweni salipiritsa mwini katundu. Mnyamatayo akabweranso mumuuze kuti akagulitsa mudzagawana, muone ngati adzapondenso pakhomo panu.

Amalume,

Kodi bolopeni ya mwala wakumwamba ndi imene amalembera anthu opita ku mwezi?

*Wophunzira wa Fomu 2, Mzuzu*

Mdzukulu wanga,

Ayi, n'zosiyana. Bolopeni wamba imadalira kuti inki izitsikira yokha kunsonga. Yesa kugona chagada n'kulemba pa pepala lili m'mwamba, uona kuti ingolemba mawu angapo n'kuuma. Anthu ankaopa kuti mlengalenga vuto lidzakhala lofanana ndi limeneli. Munthu wa ku America dzina lake Paul Fisher anapanga kachubu kotsekeka kokhala ndi mpweya wa nitrogen wopanikizika, umene umakankha inki kulikonse komwe nsonga yaloza, ndipo oyenda mlengalenga a NASA, bungwe la boma la America loona za mlengalenga, anayamba kupita nayo mu 1968 paulendo wa Apollo 7. Mulibe mwala uliwonse m'menemo, ndipo ikugulitsidwabe mpaka lero. Ya mwala ija ukaitembenuza chagada idzauma ngati yako ya kugolosale. Ukayese usiku uno, koma pa kope la rafu, osati la notsi.